Daredevil, reckless ndi Mtayamoyo: mawu omwe timaponyera anthu a kuchigwa

Mvula ikangolimbika, pali mawu awiri a Chingerezi omwe ophunzirafe timakonda kuponyera anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa. Tikaona chithunzi cha bwato lodzaza anthu, njinga ndi matumba likudula madzi ofiira, timati awa ndi ma daredevil. Tikamva kuti mudzi womwe unakokoloka chaka chatha wakokolokanso, timati anthu ake ndi reckless. Amene wasankha kulankhula Chichewa amangoti ndi amakani, ankhutukumve, omva nkhwangwa ili m'mutu.

Ine kwathu ndi kuchigwa komweko, ndiye mawu amenewa amandikhudza. Komabe sindikufuna kuyankha ndi mkwiyo. Ndikufuna tiwamasule mawu awiriwa monga timachitira m'kalasi, tione zomwe eni chilankhulocho amatanthauza akamawanena, kenako tiyese ngati akumukwanadi munthu amene tikumuvekayo. Nkhaniyi si ya galamala chabe. Ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro tidzakhala tikulemba malipoti ku khonsolo, m'mabungwe ndi m'nyumba zofalitsa nkhani, ndipo malipotiwo tidzawalemba m'Chingerezi. Mawu omwe tidzasankhe ndi omwe adzauze akuluakulu kuti vuto ndi mtsinje, malo, kapena mutu wa munthu wa kumudzi.

Tiyambe ndi daredevil. Ndi mawu awiri olumikizidwa: dare, kutanthauza kuyerekeza kapena kuputa dala, ndi devil, mdyerekezi. Choncho ndi munthu woti angapute ngakhale mdyerekezi weniweniyo. Mawuwa amagwira ntchito ngati dzina la munthu, komanso pofotokoza mchitidwe wake. Azungu akamawatchula, m'mutu mwawo mumabwera anthu ngati Charles Blondin wa ku France, amene pa 30 Juni 1859 anayenda pa chingwe pamwamba pa phompho la mtsinje wa Niagara, ndipo patapita masabata angapo anabwereza ulendowo atabereka manijala wake kumsana. Mumabweranso Evel Knievel wa ku America, amene ankalumpha mizere ya magalimoto ndi mabasi pa njinga yamoto mpaka kuthyoka mafupa kambirimbiri, ndi Felix Baumgartner wa ku Austria, amene mu Okutobala 2012 anadumpha kuchokera mumlengalenga pa mtunda wa makilomita pafupifupi 39. Ngakhale kampani ya Marvel inatenga dzinali mu 1964 n'kulipereka kwa loya wakhungu amene usiku amalimbana ndi zigawenga.

Anthu onsewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: palibe chinawakakamiza. Blondin analibe munda kutsidya kwa Niagara. Akanafuna kungowoloka, mlatho unalipo kale chapafupi, wotsegulidwa mu 1855. Anasankha chingwe chifukwa ngoziyo ndiyo inali malonda ake, ndipo anthu ankalipira kuti adzaone ngati agwe. Daredevil amaifunafuna ngozi, amaikonda, ndipo nthawi zambiri amafuna omuonerera. N'chifukwa chake mawuwa amakhala ndi kakusirira mkati mwake. Ukamutchula mnzako choncho umakhala ukumudzudzula pang'ono uku ukumuombera m'manja. Ku Nigeria atolankhani amakonda kuwamatika pa mbava zamfuti zomwe zimaba dzuwa likuswa mtengo, koma ngakhale pamenepo tanthauzo silinasunthe: ndi munthu amene wasankha yekha kuputa ngozi.

Reckless ndi wolemera kuposa mnzakeyo, ndipo alibe kuombera m'manja kulikonse. Muzu wake ndi mneni wakale wa Chingerezi, reck, kutanthauza kusamala kapena kulabadira. Kuikapo less ndiye kuti kusamalako palibe. Amene akuphunzira zamalamulo akudziwa kuti mawuwa amalowa mpaka m'khoti. Lamulo lathu la pamsewu limatchula kuyendetsa galimoto mwa reckless pambali pa kuyendetsa mwa negligent, ndipo ziwirizi si chimodzi. Woyendetsa wa negligent walephera kusamala monga munthu wanzeru akanachitira. Wa reckless wayiona ngozi, wadziwa kuti wina akhoza kuvulala, koma wapitirira mosalabadira.

Tikaika zonsezi pamodzi, munthu asanatchedwe ndi mawu amenewa payenera kukhala zinthu zitatu. Choyamba, akudziwa kuti pali ngozi. Chachiwiri, pali njira ina yabwinopo yomwe akanatha kuitenga. Chachitatu, wasankha ngoziyo popanda chifukwa cholemera, kapena waisenzetsa ena omwe sanavomere. Tiyeni titenge muyeso umenewu titsike nawo ku Thabwa.

Choyamba chija palibe angatsutse. Munthu wa kuchigwa amawadziwa madzi kuposa aliyense wa ife amene tinawaphunzira pa mapu. Amadziwa kuti Ruo amachokera ku phiri la Mulanje, ndipo akhoza kudzaza ngakhale ku Makhanga kusanagwe dontho. Amadziwa kuti Ruo akafika ndi mphamvu pomwe amakumana ndi Shire ku Chiromo, amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'dambo la Elephant Marsh ndi m'midzi yozungulira. Amakumbukira Januwale 2015, pomwe boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, anthu 106 anafa, 172 anasowa, ndipo pafupifupi 230,000 anathawa m'nyumba zawo. Chaka chimenecho Ruo anasintha njira, Makhanga n'kusanduka ngati chilumba. Amakumbukira Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo kuchigwa mwambi umenewu mwana amaudziwa asanayambe sukulu.

Ndiye ngati akudziwa, akukhaliranji? Apa ndi pomwe muyeso wachiwiri umagwera, ndipo apa ndi pomwe ambiri amene amalemba za ife amadumpha.

Chigwa cha Shire ndi dera limodzi mwa madera otentha ndi ouma kwambiri m'Malawi muno. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 ku Ngabu ndi ku Nsanje. Mvula imagwa yochepa, ndipo imatha kudula mbewu zili m'mawondo. Mtunda umene alendo amautchula kuti malo otetezeka ndi womwewo umene chimanga chimapsa chisanamasule. N'chifukwa chake kumtunda timadalira mapira, mchewere, thonje ndi chitowe. Chakudya chodalirika chimachokera kudimba, m'nthaka yomwe madzi osefukira amasiya yonyowa ndi yachonde akamaphwera. Kuyambira Epulo kupita m'tsogolo anthu amadzala chimanga, mbatata, nyemba ndi masamba, osadikira mtambo komanso osagula feteleza wambiri. M'madambo momwemo ndi momwe muli milamba ndi msipu wa ng'ombe m'chilimwe.

Izi sizinayambe dzulo. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, m'buku lake la mu 1990 lotchedwa Work and Control in a Peasant Economy, anafotokoza momwe Amang'anja a m'chigwachi ankalimira minda iwiri, ya kumphala yodalira mvula ndi ya kudimba yodalira mtsinje, kuti umodzi ukakanika wina uwapulumutse. M'kalasi ya zachuma mchitidwe wotere timaupatsa dzina lalitali la Chingerezi n'kumautama kuti ndi nzeru yogawa chiopsezo. Akachita mlimi wa kwa Mlolo timati ndi makani.

Tsiku lina ndili patchuthi ndinawafunsa agogo anga aakazi chifukwa chomwe sasiyira dimba lawo, popeza madzi anawalandapo nyumba. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, madzi amabwera masiku atatu. Njala imabwera miyezi isanu ndi umodzi. Iwe unapita kusukulu, tawerengera." Ndinati, "Koma agogo, madzi amapha." Iwo anati, "Nanga njala imasisita?" Munthu wolankhula chonchi waika ngozi ziwiri pa sikelo n'kusankha yomwe akuona kuti angathe kuithawa ndi miyendo. Mwina sikelo yake ikhoza kulakwa, makamaka masiku ano pomwe madzi akubwera ochuluka komanso pafupipafupi kuposa kale. Koma kulakwitsa masamu ndi kusalabadira ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tisaiwalenso kuti mtunda umene tikuwauza kuti asamukireko uli ndi eni ake. Mbali ina ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo, yomwe ilipo kuyambira m'ma 1960. Mbali ina ndi malo osungira nyama a Lengwe, Majete ndi Mwabvi. Kwina kuli makola a ng'ombe, kwina midzi ya anthu ena omwe nawonso malo akuwachepera. Wosamuka nthawi zambiri amapatsidwa poti amange nyumba, koma munda ayi. Nyakwawa ikasamukira m'dera la mfumu ina imasanduka mlendo. Manda a makolo amatsala. Ndiye banja limamanga kumtunda, koma m'mawa uliwonse limatsetsereka kupita kudimba, ndipo mtunda ukatalika limamanga kachisakasa komweko. Pakapita zaka ziwiri kachisakasako kasanduka nyumba, ndipo ife timalemba kuti abwerera chifukwa cha makani.

Pomwe malo apezeka, anthu amasamuka. Anthu a m'mudzi wa Mwalija ku Chikwawa anasamukira kumtunda pambuyo pa madzi a mu 2019. Zimenezi zikutiuza kuti pakakhala poti apite, nkhani ya makani imachepa yokha.

Palinso bodza lina lomwe limayenda limodzi ndi mawu awiriwa, loti anthu a kuchigwa amadikira dala madzi kuti alandire thandizo. Amene amanena zimenezi ayambe wagona mwezi umodzi m'kalasi ya pulayimale pamodzi ndi mabanja khumi, chimbudzi chimodzi, udzudzu uli ng'waa, mbuzi ndi nkhuku zake zitapita. Akumbukirenso kuti mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unayamba pambuyo pa anamondwe a kumayambiriro kwa 2022. Palibe munthu wamutu wabwino amene angagulitse nyumba, ziweto ndi nkhokwe kuti apeze thumba la ufa ndi ndowa ya pulasitiki.

Tsopano tibwere ku bwato lija. Pakati pa Bangula ndi Chiromo pali malo otchedwa Mtayamoyo. Madzi a mu 1997 anakokolola chimtumbira chomwe pankadutsa njanji ndi msewu wolumikiza Bangula ndi tsidya la kum'mawa kwa Shire, ndipo kwa zaka zambirimbiri kuchokera pamenepo anthu akhala akuwoloka ndi mabwato, m'madzi momwe muli ng'ona ndi mvuu. Wodwala wotumizidwa ku chipatala chachikulu, mwana wa sukulu, mayi wopita ndi mbatata kumsika wa Bangula, mphunzitsi wokatenga malipiro, onse bwato. Njira ina yapamtunda ndi kuzungulira mpaka ku Thabwa, kuwoloka pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, kenako kutsetsereka ndi M1 kudzera ku Nchalo ndi Ngabu, ulendo wa makilomita oposa 100 pofuna kufika pamalo omwe ukuwaona ndi maso kutsidya.

Mutafuna mawu a Chichewa oyandikana kwambiri ndi daredevil, simungapeze oposa amenewa: mtayamoyo, wotaya moyo. Koma taonani pomwe anthu a kumeneko anawaika. Dzinalo lili pa malo, osati pa owoloka. Chingerezi chathu chimaloza chala munthu amene ali m'bwato, pomwe chilankhulo cha eni dera chikuloza powolokera. Blondin anasiya mlatho n'kukwera chingwe. Mayi wa ku Makhanga akukwera bwato chifukwa mlatho wake unapita iye ali mtsikana. Kuwatchula awiriwa ndi mawu amodzi ndi kuwononga mawuwo, komanso kumunamizira mayiyo.

Sindikunena kuti kuchigwa kulibe anthu osalabadira. Alipo, ndipo timawadziwa ndi mayina. Mwini bwato amene akudziwa kuti lake limanyamula anthu khumi koma amakweza khumi ndi asanu ndi njinga yamoto pamwamba chifukwa cha ndalama, ameneyo mawu aja akumukwana bwinobwino: akudziwa, akanatha kupanga maulendo awiri, ndipo ngoziyo waisenzetsa ena. Wakabaza amene wamwa kachasu n'kukweza mayi ndi ana awiri popanda chipewa, chimodzimodzi. Dalaivala wa minibasi amene amalowa m'madzi othamanga pamwamba pa mlatho anthu akukuwa kuti aime. Bambo amene wamva a komiti ya m'mudzi yoona zangozi akulengeza pa chimkuzamawu kuti madzi afika pa chizindikiro chofiira, koma akukaniza mkazi ndi ana kupita kusukulu ya kumtunda usiku umenewo. Kukana kusiya dimba moyo wako wonse ndi nkhani ina. Kukana kuchoka usiku umodzi madzi ali pakhomo, ana ali m'nyumba, ndi nkhani inanso, ndipo imeneyi ilibe chodzikanira. Tikamamwaza mawu akuti reckless pa chigwa chonse, anthu oterewa amabisala m'chigulu, ndipo mawuwo amatha mphamvu pomwe akufunikadi.

Muyeso womwewo tiyeneranso kuyang'ana nawo kumtunda. Mitsinje ngati Mwanza yadzaza mchenga, moti madzi pang'ono amasefukira, chifukwa mapiri a komwe imachokera anametedwa. Gawo lalikulu la mitengoyo linasanduka makala omwe amaphikira m'matauni. Kuti kudula mitengo kumtunda kumamiza anthu kumunsi, aliyense anaphunzira ku pulayimale. Amene ali ndi magetsi kapena gasi koma amagulabe makala, amene amalola malole a makala kudutsa pa rodibuloko atalandira kenakake, amene amavomereza mlatho kapena chimtumbira chomangidwa mwachinyengo: onsewa akudziwa, ali ndi njira ina, ndipo ngoziyo amaisenzetsa anthu omwe sadzawaona nkhope. Amenewa ndiye akukwanitsa mfundo zitatu zonse zija. Koma chifukwa savala sanza komanso sajambulidwa madzi ali m'chiuno, mawu aja sawafika.

Ndipo madzi anationetsa kale kuti nkhaniyi si ya kuchigwa kokha. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira ku Chikwawa mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa miyezi yoposa khumi ndi iwiri ophunzira ku Zomba, Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu ankawerenga ndi tochi ya foni. Freddy atabwera, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo ambiri mwa iwo sanali a ku Nsanje. Anali a m'mbali mwa phiri la Soche ku Chilobwe, a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, komwe matope ndi miyala zinatsika m'mapiri. Anthu a ku Chilobwe anamanga m'phiri pa chifukwa chofanana ndi cha agogo anga: ndi pomwe thumba lawo linafika, pafupi ndi pomwe amapezera chakudya. Umphawi ndi umene umamusankhira munthu malo ogona, kaya ndi m'dambo kaya ndi m'phiri.

Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, lolowa m'malo mwa la mu 1991, ndipo limapatsa boma mphamvu zambiri pa nkhani ya malo oopsa kukhalamo ndi kusamutsa anthu. Lamulo lotere likhoza kupulumutsa miyoyo, ndipo pali malo ena kuchigwa omwe kunena zoona munthu sayeneranso kugonapo m'dzinja. Koma momwe lidzagwirire ntchito zidzadalira momwe olemba malipoti akuwaonera anthuwo. Lipoti likanena kuti anthu ndi reckless, mankhwala ake ndi apolisi, chindapusa ndi misonkhano yowaphunzitsa zomwe akudziwa kale. Lipoti likanena kuti banja ili lili ndi poti ligone kumtunda koma lilibe munda, mjigo uli kutali, ndipo dimba lili pa mtunda wa maola awiri, mankhwala ake ndi malo olima, madzi, msewu ndi ulimi wamthirira. Ntchito ya ngalande yaikulu yamthirira yochokera ku Kapichira, ya Shire Valley Transformation Programme, ikhoza kuyankha mbali ya funsoli ngati madzi ake adzafike m'minda ya anthu wamba, chifukwa munthu amene angakolole kumtunda m'chilimwe sakhalanso ndi chifukwa chogonera m'dambo.

Choncho anzanga, mawu awiriwa tiziwagwiritsa ntchito, koma pamalo pake. Daredevil musungireni mnyamata amene amaimika njinga yamoto ndi tayala limodzi pa msika kuti atsikana amuone. Reckless musungireni amene waona ngozi, ali ndi njira ina, koma wakankhira anzake m'madzi. Tsiku lomwe mudzatumidwe kuchigwa ndi kope ndi galimoto ya ofesi, musanalembe mawu aliwonse ofotokoza khalidwe la munthu, mufunseni mafunso atatu: akudziwa chiyani za madziwa, akanapita kuti, ndipo kumeneko akanadya chiyani. Mayankho akewo ndi omwe mulembe mu lipoti, ndi manambala ake, maekala ndi makilomita. Mukapeza kuti anali ndi kopita komanso chakudya koma anakanabe, mutchuleni momwe mungafunire, ndipo ife a kuchigwa tidzakuvomerezani.